Phunziro la Ziweto: Kumanga ndi Kukonza Khola Lotetezeka la Nkhuku za Pakhomo

Sukulu ya alimi ya pamunda, boma la Mwanza
Nthawi: maola awiri ndi theka
Zobweretsa: ndodo yotalika mita imodzi, chikwanje, pepala loyera, kope la gulu ndi cholembera

Alimi anzanga, sabata yatha tinawerenga nkhuku za pakhomo la aliyense wa ife. Funso lomwe linatichedwetsa linali lakuti: pa anapiye amene thadzi lanu linaswa ulendo wapitawu, afika pa misoti ndi atambala ndi angati? Ambiri munaseka musanayankhe. Ena munati atatu pa khumi, ena munati awiri, mayi wina anati palibe ndi mmodzi yemwe. Titafunsana kuti enawo anapita kuti, munatchula kabawi, khwangwala, likongwe, vumbwe, makoswe, agalu, linthumbu, mvula, chitopa ndi akuba. Pa mndandanda wonsewu, mdani amene khola silingamuthe palokha ndi chitopa basi, ndipo ngakhale pamenepo khola limathandiza, monga tionera kutsogoloku.

Makola ambiri omwe ndaona ku Thambani, ku Kunenekude ndi m'midzi yozungulira boma amamangidwa ndi ganizo limodzi, lakuti mdani asalowe. Ganizoli ndi labwino, koma limathera ku kakhola kakang'ono, kamdima, komata mbali zonse, kokhala ndi kakhomo kongokwana nkhuku imodzi. M'khola lotere vumbwe salowadi, komanso mwini wake salowa, tsache silifika, mphepo sidutsa. Tikamamanga tizifunsa mafunso awiri nthawi imodzi: kodi mdani alowera pati, nanga ine ndifikamo bwanji ndi tsache?

Nanga kugona nazo m'nyumba kwalakwa chiyani?

Ndikudziwa kuti ena mwa ife nkhuku zimagona kukhitchini, pena kuseri kwa chitseko m'nyumba yomwe tigona. Sindikunyoza. Amene anaberedwapo nkhuku zonse usiku umodzi ali ndi chifukwa chomveka, makamaka kuno kumene msewu wa Blantyre kupita ku Tete uli pafupi ndipo nkhuku yakumudzi siichedwa kupeza wogula. Koma taganizirani mwana wokwawa. M'mawa amadzuka pamalo pomwe nkhuku zachitira zitosi usiku wonse, manja ake amapita pansi kenako kukamwa. M'zitosi za nkhuku mumakhala tizilombo toyambitsa kutsekula m'mimba, ngakhale nkhukuyo ikuoneka yathanzi. Mwana wotsekula m'mimba pafupipafupi sakula bwino, ndiye dzira lomwe tikuwetera nkhuku kuti mwanayo adye phindu lake limatayika. Onjezanipo utitiri umene umayenda pamphasa usiku.

Zogona mumtengo nazo zili ndi vuto lawo. Nkhuku yozolowera m'mango kapena m'manachesi simungaigwire mosavuta tsiku la katemera, simungadziwe ikayamba kudwala, ndipo manyowa ake amangomwazika.

Malo omangapo

Sankhani malo okwera pang'ono, pomwe madzi sadikha. Dera lathu ndi lamapiri, madzi amvula amathamanga. Amene munaona mvula ya namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi ya Freddy mu Marichi 2023 mukudziwa kale njira yomwe madzi amadutsa pabwalo panu. Musamange m'njira imeneyo. Ngati malo ndi otsetsereka, kumbani kangalande kumtunda kwa khola kuti madzi azilambalala.

Khola likhale pafupi ndi nyumba moti nkhuku zikalira usiku mumve, koma lisagundane ndi khitchini kapena malo osewerera ana. Mapazi khumi kapena khumi ndi asanu kuchokera pakhomo la nyumba ndi bwino, ndipo chitseko chake chizioneka muli pakhonde. Lisayandikane ndi nkhokwe, chifukwa makoswe a m'nkhokwe ndi omwewo amadya mazira ndi anapiye. Mthunzi wa mtengo ndi wabwino mwezi wa Okutobala, koma nthambi isagwere padenga. Nthambi yotere ndi mlatho wa vumbwe ndi njoka. Tchire, milu ya njerwa ndi nkhuni zichoke pozungulira khola, patsale poyera mapazi atatu mbali zonse.

Mbali yaitali ya khola iyang'ane kumpoto ndi kummwera, kuti dzuwa la m'mawa ndi la madzulo lizimenya mbali zazifupi zokha. Mphepo yozizira ya mwera, ya mwezi wa Juni ndi Julayi, imachokera kummwera chakum'mawa. Mbali imeneyo ndiyo yoyenera kutseka kwambiri.

La m'mwamba kapena la pansi?

Kwa nkhuku zakumudzi zomwe zimayenda masana n'kumagona m'khola usiku wokha, ine ndimalimbikitsa khola la m'mwamba, lokhala pa nsanamira. Zitosi zimagwera pansi zokha, mphepo imadutsa, galu safikira, madzi amvula amadutsa kunsi. Khola la pansi la njerwa kapena zidina ndi loyenera amene akufuna kutsekera nkhuku tsiku lonse, monga za Mikolongwe zoikira mazira, zakuda zija zomwe zinatenga dzina ku malo a boma oswetsera nkhuku ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu. Khola la pansi limafuna malo aakulu, nkhuku zitatu kapena zinayi zokha pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, limafuna utuchi kapena makoko a mtedza oyala pansi, komanso chakudya chogula. Tidzaliphunzira padera. Lero tikambe la m'mwamba, lomwe aliyense pano angathe kumanga ndi zipangizo za m'mudzi.

Tiyerekeze khola la nkhuku zazikulu 20. Mulitali mamita 2, mulifupi mita imodzi ndi theka. Pansi pake pakhale mita imodzi kuchokera panthaka. Makoma atalike mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, kuchokera pansi pa khola kufika padenga. Tepi si yofunika: dulani ndodo ya mita imodzi pano pasukulu, muidinde pakati, mukagwiritse ntchito kunyumba.

Mita imodzi ya m'munsiyo musaichepetse. Ndaona makola ambiri okwezedwa kungofika m'bondo. Kunsi kwa khola lotere simungalowetse khasu kapena tsache bwinobwino, ndiye zitosi zimaunjikana mpaka kugunda pansi pa khola, ndipo malowo amasanduka nyumba ya makoswe ndi njoka. Galu nayenso amatha kuimirira n'kukoka mwendo wa nkhuku pampata. Komanso musakweze mopitirira pachifuwa cha mayi wa pakhomopo. M'makomo ambiri amene amatsegula, kutseka, kutola mazira ndi kusesa ndi amayi ndi ana, ngakhale womanga amakhala bambo. Abambo, musanakumbe maenje, aitaneni amayi aime pamalopo, atambasule dzanja, muone pomwe akufikira.

Nsanamira

Pafunika nsanamira zisanu ndi imodzi zokhwima, zonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu kapena kuposa. Bulugamu wokhwima amachita bwino. Mitengo ikhale ya pamunda panu kapena yogula kwa mwini wake. M'nkhalango yotetezedwa ya Thambani simuloledwa kudula popanda chilolezo, ndipo khola la nkhuku si chifukwa chokwanira kukakumana ndi a zankhalango.

Sendani makungwa onse. Pamenepa ndipo ambiri amachitira ulesi, koma pansi pa khungwa louma ndi pomwe utitiri ndi nkhupakupa za nkhuku zimabisala masana. Mtengo uliwonse wolowa m'khola, kaya nsanamira, kaya phaso, kaya mtanda wogonapo, ukhale wosenda. Mbali yolowa m'nthaka muiwaule pamoto mpaka ide kunja, kapena muipake oyilo wakutha wa galimoto, kuti chiswe chichedwe kuigwira. Dzenje likhale lakuya theka la mita, ndipo mutsindire dothi mwamphamvu.

Pa nsanamira iliyonse, chapakati pa nthaka ndi pansi pa khola, vekani chotchinga makoswe. Dulani lata lakale, mulipinde ngati chipewa chozondotsa chokamwa pansi, mulikhomere mozungulira nsanamira osasiya mpata. Khoswe kapena likongwe akakwera amakagunda denga la latalo n'kubwerera. Ngati lata lachepa, likulungeni mosalala kuzungulira mtengo kutalika masentimita 30 kapena kuposa, zikhadabo zimaterereka. Koma chotchingacho chimakhala chopanda ntchito mukatsamiritsa khasu, mtolo wa udzu kapena makwerero pakhola usiku. Makwerero a nkhuku akhale ochotseka. Nkhuku zikalowa, chotsani, mugoneke pansi.

Pansi pa khola ndi makoma

Pansi yalani nsungwi zong'amba kapena timitengo towongoka, mbali yosalala ikhale m'mwamba. Mpata pakati pake ukhale wongolowa chala chimodzi cha munthu wamkulu, pafupifupi masentimita 2. Ukachepa zitosi sizigwa, ukakula miyendo ya nkhuku zazing'ono imakodwa ndipo likongwe amapeza polowera. Nsungwi yong'amba imakhala yakuthwa m'mbali, ipaleni ndi mpeni. Bala la kuphazi kwa nkhuku limatupa n'kuchita mafinya, nkhukuyo imayamba kutsimphina, ndipo nkhuku yotsimphina siyenda mokwanira kuti ikhute.

Makoma angakhale a nsungwi, bango kapena timitengo, zomangidwa mothithikana ndi luzi, waya kapena misomali. Lamulo la chala ligwirenso ntchito apa: pomwe zala ziwiri zalowa, mdani alowanso. Yang'anani kwambiri m'ngodya ndi pomwe khoma likumana ndi denga, chifukwa mipata yambiri imatsala pamenepo. Amene angakwanitse waya wa nkhuku, asankhe wa maso ang'onoang'ono, ndipo adziwe kuti waya wopyapyalayu galu wanjala amatha kuung'amba. Ndi wabwino kutsekera mipata ya mphepo m'mwamba, pomwe m'munsi mukhale mitengo.

Tsopano nkhani ya kumata. Chaka changa choyamba pa ntchito ndinalangiza gulu lina kuti limate khola lachitsanzo ndi dothi mbali zonse zinayi, poopa kuzizira kwa Juni. M'nyengo yozizira zinayenda bwino, ine n'kumadziona katswiri. Pofika Okutobala dothi linali litang'ambika ming'alu, m'ming'alumo mutadzaza utitiri, m'kati mukutentha ngati uvuni wa njerwa. Mathadzi awiri anathawa mazira, ndipo nkhuku zina zinabwerera mumtengo. Agogo ena a m'gululo, amene anandichenjeza pachiyambi ine osamva, sanandidzudzule. Anangobwera ndi chikwanje n'kuyamba kugumula dothi la m'mwamba. Kuyambira pamenepo ndimati: ngati mukumata, matani mbali ya mwera yokha, kapena theka la m'munsi la makoma, ndipo muzitsekanso ming'alu ikangooneka. Theka la m'mwamba lisiyeni lipume. Mwezi wozizira mukhoza kupachika chiguduli kapena mphasa yakutha kumbali ya mphepo, n'kuchotsa kukafunda.

Nkhuku ilibe thukuta. Ikatenthedwa imayasama n'kutambasula mapiko. Ndipo zitosi zikaunjikana mopanda mphepo zimatulutsa fungo loswa mphuno lomwe limawononga maso ndi njira yopumira ya nkhuku, chifuwa n'kupezerapo mwayi. Muyeso wake ndi wosavuta: lowetsani mutu m'khola m'mawa musanatulutse nkhuku. Ngati maso anu akuyabwa, nkhuku zagona mu mpweya umenewo usiku wonse.

Denga

Udzu ndi wabwino kuposa malata pa nkhani ya kutentha, ndipo sulira ndalama zambiri. Kuipa kwake umasunga tizilombo, choncho uyenera kusinthidwa chaka chilichonse kapena pakatha zaka ziwiri. Denga likhale lotsetsereka bwino, ndipo lipitirire makoma theka la mita mbali zonse kuti mvula yamphepo isalowe. Ngati mwaika pulasitiki pansi pa udzu, asatsikire kutseka mpata wa mphepo pamwamba pa khoma. Amene mufolere ndi malata, kwezani denga ndipo muyale udzu pamwamba pake nthawi yotentha. Mangani denga ku nsanamira ndi waya, osangolisanjika.

Zitseko ziwiri

Apa ndi pomwe khola lathu lisiyane ndi makola ambiri a m'mudzi. Kakhomo ka nkhuku kakhale kakang'ono, masentimita 30 mulifupi ndi 35 msinkhu, kotseka ndi thabwa lolowetsa m'mizere kapena lokhala ndi chokowera cholimba. Mwala wotsamiritsa kapena chidutswa cha lata chongoimika si chitseko, galu amakankha ndi mphuno.

Chitseko chachiwiri ndi cha munthu. Chikhale chachikulu moti phewa ndi mutu zilowe, ndipo dzanja logwira tsache lifike ngodya zonse zinayi. Pa khola la mita imodzi ndi theka mulifupi, chiikeni pakati pa mbali yaitali. Ena amapanga khoma lonse la mbali imodzi kukhala lotseguka, zomwe ndi zabwino koposa. Mahinjesi akasowa, zidutswa za tayala lakutha zimagwira ntchito. Ikani loko. Wakuba wotsimikiza mtima akhoza kuthyola khola lililonse la nsungwi, zimenezo tisanamizane, koma kuthyola kumachita phokoso ndipo kumatenga nthawi, pomwe nkhuku ya mumtengo amangoitola ngati bowa.

Mitanda yogonapo

Nkhuku mwachibadwa imafuna kugona pamwamba, itagwira mtengo ndi zala. Ikani mitanda yosenda, yosalala, yonenepa ngati mpini wa khasu, masentimita 3 mpaka 5. Nkhuku iliyonse imafuna malo okwana chikhatho chotambasula, masentimita 20 mpaka 25. Ndiye nkhuku 20 zifuna mamita 4 kapena 5 a mtanda. M'khola lathu la mamita 2, mitanda iwiri ndi yongokwanira, itatu ndi yabwino. Italikirane masentimita 30 mpaka 35, ndipo yonse ikhale pa msinkhu umodzi, masentimita ngati 30 kuchokera pansi pa khola. Mukaisanja wina pamwamba pa unzake, nkhuku zonse zimalimbirana wapamwamba, ndipo zapansi zimadzuka zitaderedwa ndi zitosi.

Musaikhomere ndi misomali. Igonekeni pa mphanda kapena m'timipata kuti muzitha kuitulutsa, kuipala ndi kuiyanika padzuwa.

Zisa

Thadzi likasowa chisa limakaikira kutchire, komwe agalu, akhwangwala ndi njoka amagawana mazira. Chisa chikhale masentimita 30 mbali zonse, pamalo amdima pang'ono ndi abata. Dengu lakale, mphika wosweka kukamwa, chidebe chodula kapena chisa choluka ndi udzu, zonse zimatheka. Pansi thirani phulusa dzanja limodzi, pamwamba udzu wouma wofewa. Kwa nkhuku zongoikira, chisa chimodzi chimakwanira zinayi kapena zisanu. Koma nkhuku zathu zakumudzi zimafungatira, ndipo thadzi lofungatira limakhala pachisa masiku 21. Lotere lipatseni chisa chakechake, apo ayi anzake amaikiramo mazira atsopano, mazira n'kusakanikirana, ena kuswa ena kutsala. Lembani mazira ofungatiridwa ndi khala kapena pensulo kuti obwera pambuyo muziwachotsa. Thadzi lakumudzi lisapatsidwe mazira opitirira omwe lingaphimbe, kawirikawiri 10 mpaka 12. Otsalawo apite m'mbale ya ana.

Zisa zisakhale pansi pa mitanda yogonapo. Ngati n'kotheka zipachikeni kumbali, ndi kotsegulira kunja kotseka bwino. Anapiye akaswa, udzu wa m'chisa utenthedwe tsiku lomwelo, kutali ndi khola, ndipo chisacho chiyanikidwe padzuwa musanaikemo udzu wina.

Adani okhala m'khola momwemo

Tizilombo tiwiri tisiyanitse, chifukwa kothana nato n'kosiyana. Utitiri wofiira sukhala pa nkhuku masana. Umabisala m'ming'alu, m'mfundo za nsungwi ndi pomwe mitengo yakumana, usiku n'kutuluka kudzayamwa magazi. Kukatentha umaswana mofulumira kwambiri, pa sabata imodzi dzira limakhala litasanduka kachilombo koikiranso mazira, ndipo umatha kukhala miyezi m'khola lopanda nkhuku osafa. N'chifukwa chake mlimi amagwira nkhuku masana, osaona kanthu, koma nkhuku zikuonda, lipombo likuyera, thadzi likuthawa mazira. Nkhuku zikayamba kukana kulowa m'khola madzulo, musazithamangitse ndi ndodo, kayang'aneni m'kholamo. Pepala loyera lomwe mwabweretsa ndi la ntchito imeneyi: usiku, pukutani nalo kunsi kwa mtanda wogonapo. Mukaona timizere tofiira, ndi magazi a nkhuku zanu.

Nthata zija zimakakamira kuzungulira maso ndi palipombo ngati timadontho takuda, zimakhala pa nkhuku, koma mazira ake amagwera pansi n'kukulira m'fumbi ndi m'zinyalala. Pa nkhuku pakani mafuta odzola a Vaseline kapena ophikira pomwe zakakamira, mosamala kuti asalowe m'diso. Koma mukapanda kusesa fumbi la kunsi kwa khola, zina zibweranso.

Choncho kunsi kwa khola kuzisesedwa kawiri pa sabata, m'kati kamodzi. Mukasesa wazani phulusa pansi, m'ngodya ndi m'zisa. Kamodzi pa mwezi tulutsani mitanda ndi zisa, muthire madzi otentha m'malo olumikizira mitengo, m'mawa kuti pofika madzulo mukhale mutauma. Amene angapeze laimu apake mitengo ndi makoma kawiri pa chaka. Ena amafukiza utsi m'khola. Zimathandiza pang'ono, koma pansi pa denga la udzu mwezi wa Seputembala, moto ndi mdani woposa utitiri. Pambali pa khola, pamalo osanyowa, konzani kadzenje ka mchenga wosakaniza ndi phulusa kuti nkhuku zizisambamo. Mankhwala a thonje, a tomato kapena a m'nkhokwe musathire pa nkhuku kapena m'chisa. Amapha anapiye, ndipo amatha kutsalira m'mazira ndi m'nyama zomwe banja lidye. Zikavuta, funsani mlangizi wa ziweto akuuzeni mankhwala oyenera nkhuku.

Linthumbu likamayenda m'nyengo ya mvula, zungulizani phulusa lambiri patsinde pa nsanamira iliyonse, ndipo muzibwereza mvula ikakokolola.

Zitosi zomwe mwasesa musataye kudzala. Manyowa a nkhuku ndi amphamvu kuposa a ng'ombe, moti aawisi amawotcha mbewu. Aunjikeni pamthunzi, musakanize ndi zinyalala za m'munda, awole kaye, kenako apite kudimba, m'mitengo ya manachesi, kapena mupangire manyowa a Mbeya. Muluwo ukhale poti ana safikapo.

Anapiye ali ndi nyumba yawo

Khola la m'mwamba lili ndi chofooka chimodzi chachikulu: anapiye ang'onoang'ono sangakwere makwerero, ndipo miyendo yawo imagwera m'mipata. Komanso adani awo ambiri amabwera masana, kuchokera kumwamba. Thadzi likamayenda nawo kutchire m'mame a m'mawa, kabawi ali mumtengo akuwerenga.

Lukani dengu lalikulu la nsungwi lopanda pansi, lotambalala mita imodzi kapena kuposa, lotalika kufika m'bondo, la maso ang'onoang'ono oti mwanapiye asatuluke. Masana vundikirani thadzi ndi ana ake pamalo ouma amthunzi, muzisuntha dengulo tsiku lililonse. Usiku alowe m'kachipinda kotseka bwino, kapena m'khola momwemo pa ngodya yomwe mwayalapo mphasa yakutha ndi udzu, mutawanyamula ndi manja. Achite zimenezi masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi oyambirira, kufikira nthenga zitamera.

Koma mukawatsekera, chakudya chili pa inu. Madeya okha sakwanira. Onjezani chiswe, nyenyeswa za usipa kapena bonya, soya wokazinga wosinja, ndi masamba odula. Madzi akhale m'mbale yosaya yoikamo timiyala kuti asamire. Amene sangathe kuwadyetsa tsiku lonse aziwatsegulira masana mame atauma, pamene pali munthu pakhomo. Chinthu chimodzi ndipemphe: masikito omwe timalandira kuchipatala ndi oteteza anthu ku malungo. Ndimawaona atazunguliridwa pa anapiye m'makomo ena pomwe ana akugona opanda neti. Nsungwi kuno sizisowa.

Khola ndi chitopa

Chitopa, ena amati chideru, chilibe mankhwala ochiza. Chimavuta kwambiri nyengo yotentha, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula itayamba, ndipo chimatha kupha pafupifupi nkhuku zonse zosatemera m'mudzi. Khola lokongola bwanji silingachiletse. Chomwe chimateteza ndi katemera. Katemera wa I-2, amene amapangidwa ku labotale yaikulu ya za ziweto ku Lilongwe, amaperekedwa dontho limodzi m'diso kwa nkhuku ya msinkhu uliwonse, ngakhale mwanapiye, miyezi inayi iliyonse. Madera ambiri amatsata Marichi, Julayi ndi Novembala. Nkhuku yodwala kale siitemeredwa.

Ntchito ya khola ili apa: wotemera akafika m'mawa, nkhuku zonse zili pamodzi, mumangozitulutsa imodziimodzi pa chitseko chachikulu chija. Pakhomo lopanda khola, wotemera amapeza zitabalalika kale, amatemera zitatu zomwe ana agwira, zotsalazo n'kudzafa mu Okutobala, mwini wake n'kumati katemera sagwira ntchito.

Nkhuku yachilendo, kaya mwagula pamsika wa paboma, kaya yachokera kwa abale kutsidya kwa malire ku Zobue, kaya ndi mphatso ya apongozi, isalowe m'khola tsiku lomwelo. Ikhale payokha masiku 14, m'dengu lovundikira kutali ndi zinzake. Yodwala ichotsedwe msanga. Yofa ndi matenda ikwiriridwe mozama kapena itenthedwe pamodzi ndi nthenga zake. Kutaya matumbo ndi nthenga kudzala ndi kumene kumapereka matenda kwa nkhuku za oyandikana nawo, agalu akamakoka.

Ntchito ya lero

Tigawikane magulu atatu, gulu lililonse likhale ndi amayi ndi abambo. Tiyendera makola atatu a mamembala omwe avomera. Pa khola lililonse, mmodzi akhale likongwe: afufuze polowera pogwiritsa ntchito zala ziwiri, awerenge mipata yomwe wapeza. Wina akhale mwini khola: atenge tsache ayese kufika ngodya zonse. Wachitatu ayeze ndi ndodo ya mita, alowetse mutu anunkhize, ayang'ane makungwa ndi ming'alu. Mlembi alembe zomwe zapezeka, ndi chinthu chimodzi chomwe mwini khola angakonze sabata ino osagula kanthu. Pokamba za khola la mnzathu tikambe mwaulemu, mawa tidzakhala kwanu.

Tikabwerera tigwirizane za kafukufuku wa gulu. Tikufuna mathadzi anayi omwe aswe masiku oyandikana. Awiri aleredwe m'dengu monga tafotokozera, awiri aziyenda monga mwa nthawi zonse, onse atatemeredwa. Sabata iliyonse, kwa masabata asanu ndi atatu, tizilemba m'kope anapiye otsala, omwe afa kapena kusowa, chomwe chawapha ngati chadziwika, ndi chakudya chomwe chalowa. Chakudyacho tizilemba ndithu, ngakhale chikhale cha pakhomo, kuti pamapeto tidzaone ngati anapiye opulumukawo akubweza zomwe tawononga.

Sabata yamawa tiyamba kumanga khola lachitsanzo pakhomo lomwe gulu lisankhe lero. Gulu loyamba libweretse nsanamira zisanu ndi imodzi zosenda kale, lachiwiri nsungwi ndi luzi, lachitatu udzu ndi malata akale. Aliyense abwerenso ndi pepala lake loyera lija, atapukuta nalo mtanda wa m'khola lake usiku.